Kunyamula tani yonse chifukwa cha makilogalamu 10

Anzanga, mu Geography timaloweza mayina a migodi ndi zimene zimakumbidwamo, mayeso akafika n'kulemba basi. Koma munadzifunsapo kuti zimatheka bwanji mgodi kutsekedwa miyala yake ikadali mbwee pansi? Tiyeni tione mgodi wa Munali ku Zambia, pafupi ndi Mazabuka, kummwera kwa Lusaka. Kumeneko kumapezeka nickel, chitsulo chimene amachisakaniza ndi zina popanga masupuni ndi mapoto osachita dzimbiri aja, komanso mabatire a galimoto zoyendera magetsi.

Vuto la Munali ndi loti nickel wake ndi wochepa m'miyala, pafupifupi 1 peresenti. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000, ndiye kuti m'tani yonseyo nickel ndi makilogalamu 10 okha. Enawo 990 ndi miyala wamba, koma nayonso uyenera kuiboola, kuiphulitsa, kuikweza pa chigalimoto cha dizilo kuchoka pansi penipeni mpaka kumtunda, kenaka kuigaya. Kuwonjezera apo, mapampu ochotsa madzi ndi makina olowetsa mpweya woti anthu apume sazimitsidwa, usana ndi usiku.

Ife a kunyanja izi sizachilendo kwenikweni. Bwato la injini likachoka ku Msaka kukatchera usipa, mafuta amene lamwa ndi omwewo, kaya chilimila chadzaza kaya chabwera ndi ndowa imodzi. Alovi nawo ayenera kulandira kenakake. Mgodi wa miyala yosauka uli ngati bwato limene tsiku lililonse limabwera ndi nsomba zongokwanira mafuta. Kungolakwitsa pang'ono, mwini wake walowa m'thumba.

Kulakwitsa kwakukulu ndi kusakaniza miyala yabwino ndi yachabechabe. Mzere wa nickel pansipo suyenda mowongoka ngati msewu wa tala, umakhota, umaonda, penanso umasowa. Ophulitsa akapyola malire, kapena khoma likagumuka, miyala yopanda kanthu imagwera m'kati. Tiwerenge limodzi. Matani 100 a 1 peresenti ali ndi nickel makilogalamu 1,000. Mukagwera matani 25 achabe, nickel ndi yemweyo, koma tsopano mwanyamula matani 125, ndipo mlingo watsika kufika 0.8 peresenti. Dizilo wambiri, magetsi ambiri, katundu wogulitsa sanachuluke ngakhale supuni imodzi. N'chifukwa chake akatswiri a miyala amayamba aboola timabowo n'kuyeza zotulukamo, kuti adziwe pamene mzere wathera. Amaikanso mlingo wotsikitsitsa: mwala umene sukufika pamenepo amausiya pansi, ngakhale uli ndi ka nickel pang'ono. Zimapweteka, eti? Koma kuutulutsa n'kodula kuposa ndalama imene ungabweretse.

Miyala ikafika kumtunda amaigaya kukhala ufa, n'kusakaniza ndi madzi ndi mankhwala, kenaka n'kupoperamo mpweya. Tizidutswa tokhala ndi nickel timamatirira ku thovu n'kuyandama, zotsala zimamira. Thovulo ndilo chuma. Komabe si nickel yense amene amagwidwa, wina amapita ndi matope, monga mpunga wina umathawira m'mankhusu popeta.

Ndiye pali mtengo, umene mwini mgodi alibe nawo mphamvu. Mu 2007 tani ya nickel inadutsa madola 50,000 pa msika wa ku London. Pofika kumapeto kwa 2008 inali itagwa mpaka pafupifupi madola 10,000. Makilogalamu 10 athu aja, amene anali madola 500, anasanduka madola 100. Kampani ya ku Australia ya Albidon inatsegula Munali mu 2008, nthawi yoipa zedi, ndipo mu 2009 ntchito inaima. Anayambiranso, koma mu 2011 inaimanso, anthu n'kukhala pakhomo. Ku Zimbabwe nakonso, kumene agogo athu ambiri anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, mgodi wa nickel wa Trojan ku Bindura unaima mu 2008.

Munali anatsegulidwanso mu 2019 pansi pa kampani ya Mabiza Resources. Miyala inali yomwe ija, chimene chinasintha ndi kakumbidwe. Anayamba kudzaza maenje okumbidwa kale ndi miyala yosakaniza ndi simenti kuti makoma asamagumukire m'miyala yabwino. Anaikanso makina olekanitsa miyala potengera kulemera kwake, kuti yopepuka, yomwe ilibe kanthu, ichotsedwe isanalowe m'chigayo n'kudya magetsi pachabe. Kwa ine nzeru yachiwiriyi ndiyo yokoma, ili ngati kusankha miyala mu nyemba musanaike pamoto. Mpikisano ndiye sunathe, poti masiku ano Indonesia yokha imatulutsa nickel woposa theka la dziko lonse, ndipo wambiri amamukumba pamtunda, osalowa pansi.

A Fomu 4 okonda masamu, nayi yanu. Tinene kuti kukumba ndi kugaya tani imodzi kumadya madola 120, thovu limagwira magawo 8 pa 10 alionse a nickel, ndipo mtengo ndi madola 16,000 pa tani. Pa 1 peresenti mgodi ukupindula zingati? Nanga pa 0.8 peresenti? Lembani yankho papepala, mumate pansi pa nkhaniyi.