Kubwelekana anchito: nzelu yocokela kumwamba imene Kafue ifunika

Anzanga a m'basi, timabwelekana wilibala, mpando wa pa malilo, ngakhale caja ya foni. Koma kodi munamvapo boma likubweleka kampani injiniya wake kwa caka cimodzi kapena ziwili, kenako n'kumutenganso? Lelo nifuna tikambe za zimenezi, cifukwa niona kuti zitikhudza ise a ku Kafue.

Ku America, lamulo la mu 1970 limalola mabungwe a boma monga NASA kubwelekana akatswili ndi mayunivesiti kwa zaka ziwili, ndipo angawonjezele zina ziwili. Munthu apita, aphunzila, abwelela pa mpando wake. Ku mbali ya makampani, mu 2006 NASA inapangana ndi SpaceX, kampani imene panthawiyo inali isanafikitse roketi mumlengalenga. Mainjiniya a mbali zonse ziwili anagwilila nchito pamodzi, a boma atabweletsa luso la zaka zambili, a kampani atabweletsa changu ndi kusamala ndalama. Mu 2012 combo ca SpaceX cinafikitsa katundu ku siteshoni ya mumlengalenga, ndipo mu May 2020 cinanyamula anthu awili. Ku Japan nako, bungwe la JAXA linagwilizana ndi Takara Tomy, kampani yopanga zidole za ana, n'kupanga kaloboti kang'ono ngati mpila wa m'manja. Kanafika pa mwezi mu January 2024.

Mwina muti, manje ise zatikhudza bwanji, si nkhani za a Mukuka Nkoloso za mu 1964 izi? Iyayi. Zambia ili ndi National Remote Sensing Centre, bungwe la boma lowelenga zithunzi za masetilaiti, ndipo ku Chibombo kwamangidwa siteshoni yolandilila zithunzizo. Pa zithunzi zimenezi munthu amaona mmene madzi acepela pa Kafue Flats, pamene udzu wa m'madzi watseka mtsinje, ndi munda umene mbewu zayamba kufota. Amene anagona mumdima m'cilala ca 2024 adziwa kuti madzi a mu Kafue ndiwo malaiti a m'nyumba.

Funso langa n'lakuti, luso limeneli lifika bwanji kwa olifuna? Katswili wokhala mu ofesi ku Lusaka sadziwa cimene cimasowetsa tulo mlimi wa nzimbe ku Mazabuka kapena woweta nsomba m'mbali mwa mtsinje. Nayenso wa kampani saziwa kuti cithunzi cimene cingamupulumutse cilipo kale. Abwelekane anthu kwa miyezi sikisi, aliyense akaone mphika wa mnzake. Mwana wosayenda amati amake ndiwo adziwa kuphika.

Kafue ndi malo oyenela kuyambila. Pa mtunda wa makilomita 45 cabe kucoka ku Lusaka pali fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals, imene inayamba nchito mu 1970, pali fakitale ya zitsulo, ndipo ku Kafue Gorge kuli sukulu yophunzitsa akatswili a magetsi ocokela m'maiko ambili a mu Africa. Ku Estates kuli amdala amene anathela moyo wawo pa makina, pamene acinyamata a ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound alawilila basi m'mamawa kukasakila nchito m'tauni. Luso lili pafupi, koma lililonse lili mu mpanda wake.

Koma tisabise, kubweleka kuli ndi minga. Coyamba, wobwelekedwa angakonde malipilo a uko n'kusabwelela. William Gerstenmaier, amene anatsogolela maulendo a anthu ku NASA kwa zaka zambili, anacoka n'kulowa SpaceX mu 2020. Iye anacita kusiya nchito, koma nkhani yake ionetsa kumene ndalama imakokela. Caciwili, munthu amene anadya nsima ya kampani dzulo, kodi mawa angakhale pa tebulo logamula tenda ya kampani yomweyo? Apa ndiye pafunika pepala losainilana: tsiku lopita, tsiku lobwelela, amene alipila, ndi zinsinsi zimene sizituluka pa geti.

Akulu anati kupatsa n'kuika. Boma likabweleka injiniya mmodzi mwadongosolo, limalandila munthu wodziwa mbali zonse ziwili. Aphungu athu ndi a khonsolo ya Kafue akabwela kudzapempha voti, tiwafunse kuti ni liti pamene fakitale, koleji ndi ofesi ya boma zidzayamba kubwelekana anthu.