Kagawidwe ka memore ndi purosesa pa seva imodzi

Kuchokera pomwe boma linatsegula likulu losungirako uthenga wa pakompyuta la National Data Centre mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2022, nkofunika kuti akuluakulu a m'maofesi adziwe momwe mphamvu za makina otere zimagawidwira.

M'malo ngati amenewa, seva imodzi imagawidwa kukhala makompyuta angapo osaoneka ndi maso, otchedwa virtual machine. Pulogalamu yogawa, monga KVM, Hyper-V kapena VMware ESXi, ndiyo imapatsa kompyuta iliyonse memore komanso ma core, omwe ndi tizigawo ta purosesa timene timagwira ntchito yowerengera.

Zinthu ziwirizi sizigawidwa mofanana, ndipo alimi a mpunga a pa sikimu ya Likangala, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, angamvetse msanga kusiyana kwake.

Core ili ngati madzi a m'ngalande, omwe alimi amalandira mosinthana. Popeza makompyuta onse satanganidwa nthawi imodzi, pa ntchito zopepuka core imodzi ikhoza kulonjezedwa kwa makompyuta atatu kapena anayi. Koma kompyuta yosunga kaundula wa ndalama kapena wa odwala imafunika ma core akeake.

Chodabwitsa nchakuti kupempha ma core ambiri sikuthandiza nthawi zonse. Kompyuta yopatsidwa ma core 8 pomwe ntchito yake ikufuna awiri imatha kuchedwa, kaamba koti imadikira kuti ma core ambiri apezeke omasuka pamodzi.

Memore ili ngati ndime ya m'munda: mlimi wina akawokapo mpunga, mnzake sangawokeponso. Ngakhale mapulogalamuwa amalola kulonjeza memore yoposa yomwe ilipo, tsiku lomwe makompyuta onse aifuna pamodzi, monga kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro, seva imayamba kusunga zotsalazo pa disiki, yomwe ndi yochedwa kwambiri. Apa mpomwe mlembi amangoyang'ana kompyuta itaima, anthu ali pamzere.

Choncho pa seva ya memore yokwana 64 GB, mwachitsanzo, sibwino kugawa yonse. Gawo lina liyenera kutsalira pulogalamu yogawayo, ndipo pomwe pali maseva angapo, pamasiyidwanso malo olandirira makompyuta a seva ina ikawonongeka.

Dipatimenti yopempha kompyuta yotere iyambe ndi zochepa, ione momwe zikugwirira ntchito kwa mwezi wathunthu, kenaka ipemphe zoonjezera. Kuonjezera nkosavuta, pomwe kuchepetsa nthawi zambiri kumafuna kuti kompyutayo iyambe yathimitsidwa.