Mwana wosamva yemwe adasanduka episkopi

Ku Nambuma, Nsaru kapena Namitete, mwana akayamba kugona kunja n'kumayenda ndi magulu oipa, makolo ambiri amangomutaya, amvekere m'mera mpoyamba. Koma mbiri ya Augustine, yemwe Akatolika amamukumbukira pa 28 August, ikusonyeza kuti mtengo wokhota umatha kuwongoka.

Mkuluyu adali wa mu Africa muno. Adabadwa m'chaka cha 354 ku Thagaste, m'dziko lomwe lero ndi Algeria. N'komwenso chidayambira mu 1868 chipani cha ansembe a White Fathers, omwe adadzatsegula mishoni ya Nambuma.

Ali ndi zaka 16, Augustine ndi anzake adakaba zipatso m'munda mwa mnansi usiku. Sidali njala ayi, poti zambiri adangoponyera nkhumba. Atapita kusukulu ku Carthage adatenga mkazi osamanga naye ukwati, nabereka mwana, Adeodatus. Chikhristu cha mayi ake, Monica, adachikana.

Mu 383 adawanamiza mayiwo n'kukwera chombo usiku kuthawira ku Rome. Monica sadagwe mphwayi. Adamulondola mpaka ku Milan, komwe maulaliki a episkopi Ambrose adayamba kumufika pamtima. Augustine adabatizidwa pa Pasaka wa 387, ndipo mayi ake adamwalira chaka chomwecho ataona zomwe ankapempherera.

Atakhala episkopi wa Hippo, zipatso zija sadaziiwale. M'buku lake la Confessions adadzifunsa chomwe chidamubetsa zinthu zomwe sankazifuna. Adapeza kuti chidamukoma n'kulakwako, ndipo akadakhala yekha sakadaba. Adachita manyazi kukana pamaso pa anzake.

Funso la gwero la zoipa lidamusautsa zaka zambiri. Yankho lake lidali lakuti choipa si cholengedwa cha Mulungu, koma kuperewera kwa ubwino, monga momwe mdima ulili kusowa kwa kuwala. Chimabwera munthu akasankha yekha kukonda zazing'ono kuposa zazikulu. Choncho wolakwa akadali cholengedwa chabwino chomwe chingachire, ngakhale kuti payekha, popanda chisomo cha Mulungu, sangathe.

Augustine adamwalira mu 430 adani a Vandals atazinga mzinda wa Hippo. Tsiku la Monica limakhala pa 27 August: mayi patsogolo, mwana yemwe adamuliritsa pambuyo.