Kalata inafika pageti, mwini wake sanaione

Amene munakwerapo Phiri la Dedza mukuzidziwa nsanja zachitsulo zili pamwamba pake, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200. Tchuthi chapitachi ndinali kwathu m'munsi mwa phirilo. Lachisanu masana ndinatumiza asayimenti pa intaneti, ndikuthamangira kuti Sabata lisandilowere. Foni inaonetsa kuti fayilo yonse yapita. Lolemba aphunzitsi anati sanalandire kanthu. Ndinaloza chala nsanja zija, koma mwina ndinazinamizira.

Zambiri zimene timatumiza pa intaneti zimayenda m'dongosolo lotchedwa TCP, limene Vint Cerf ndi Bob Kahn analongosola mu 1974. TCP imaduladula fayilo m'tizidutswa tokhala ndi manambala. Kompyuta ya uko ikalandira kachidutswa, imabweza yankho lotchedwa ACK. Yankholi likapanda kubwera, foni yanu imatumizanso kachidutswako. Likabwera, imataya kope limene inasunga podikira.

Nkhani yagona pa amene amayankhayo. Si pulogalamu imene mukuitumizira ayi, koma mbali ina ya kompyuta imene ili ngati mlonda wa pageti la sukulu. Mlonda walandira kalata, wasayina m'buku, waiika m'bokosi kudikira kuti ahedi atume mwana adzaitenge. Bokosi la kompyutali limatchedwa buffer, ndipo za m'menemo zimafufutika magetsi akathima. Pulogalamu ikafa isanatenge, kapena magetsi akapita, tizidutswa tija tatayika ngakhale anatisayinira.

Malamulo a intaneti a mu 1989 amalangiza kuti pulogalamu ikatseka kulumikizana isanawerenge zonse, kompyuta itumize chizindikiro chotchedwa RST, chochenjeza wotumiza kuti zina zatayika. Koma chizindikirochi sichitchula kuti zatayika ndi ziti, ndipo kompyuta yothima singatumize n'komwe.

Mu 1984 Jerome Saltzer, David Reed ndi David Clark analemba kuti chitsimikizo chenicheni chiyenera kuchokera kwa mwini kalata, osati kwa onyamula. WhatsApp imasiyanitsa bwino zimenezi: chizindikiro chimodzi ndiye kuti uthenga wafika pa makompyuta a kampaniyo, ziwiri wafika pafoni ya mnzanu, zikasanduka zabuluu wautsegula. Ife ophunzira zauphunzitsi tikudziwanso kuti "Inde aphunzitsi" wa kalasi yonse satanthauza kuti amva.

Asayimenti ija ndinatumizanso, nditapepesa kwambiri. Masiku ano sinditseka tsamba mpaka litaonetsa dzina la fayilo yanga ndi nthawi imene yasungidwa, kenaka ndimalijambula.