Mpanda wosaoneka: ng'ombe zikuwetedwa pa foni, koma malipiro ndi a madola

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku New Zealand masiku ano akhoza kusamutsa ziweto zake kuchoka pa msipu wina kupita pa wina ali khale m'nyumba, osakumba dzenje la nsichi, osagula waya. Amatsegula mapu a munda wake pa foni n'kujambula mzere ndi chala. Mzere umenewo ndiye mpanda.

Chinsinsi chagona pa kolala yomwe ng'ombe iliyonse imavala m'khosi. Kolalayo ili ndi GPS, batire ndi kasola kotchajira, ndipo imadziwa pomwe ng'ombe yaima. Ikayandikira malire, kolala imalira. Ikapitirirabe, imalandira shoko yaing'ono, yocheperapo poyerekeza ndi ya mpanda wamagetsi. Pakatha masiku ochepa ng'ombe zambiri zimazolowera, moti zimatembenuka zikangomva kulira kuja.

Makampani odziwika pa malondawa si ambiri. Nofence ya ku Norway idayamba m'chaka cha 2011, poyambirira pofuna kuthandiza oweta mbuzi m'mapiri momwe kumanga mpanda n'kovuta. Halter ya ku New Zealand idakhazikitsidwa ndi Craig Piggott mu 2016, ndipo mu 2025 idapeza ndalama zokwana madola 100 miliyoni kwa oika ndalama m'mabizinesi, omwe adaiwerengera kuti ndi ya madola 1 biliyoni. Palinso Vence ya ku America, yomwe Merck Animal Health idagula mu 2022, ndi eShepherd ya kampani ya Gallagher.

N'chifukwa chiyani alimi akulipira? Nkhani ndi udzu. Ng'ombe zikasiyidwa pa busa lalikulu zimasankha udzu wanthete, kuudya mpaka pansi, wina n'kuupondaponda. Udzu wabwino sumapuma, pamapeto pake pamatsala wolimba womwe sizifuna. Koma busa likagawidwa tizigawo, ng'ombe n'kudya pamodzi lero, mawa pena, udzu umaphukira bwino ndipo malo omwewo amadyetsa ziweto nthawi yaitali. Alimi akhala akuchita izi ndi mawaya kwa zaka zambiri, koma kuzula ndi kuzika mpanda tsiku lililonse ndi ntchito yofuna anthu, ndipo kumaikoko waganyu ndi wodula kwambiri. Apa ndiye pomwe kolala imabwezera ndalama.

Pali zinanso. Mlimi amatha kutchinga gombe la mtsinje kapena pomwe wadzala mitengo popanda kugula kalikonse. Makolala a Halter amalondolera ng'ombe kokamira pa ola lake, komanso amadziwitsa mwini wake ng'ombe ikafuna nkhunzi kapena ikayamba kudya mofooka.

Tsopano tiwerengere. Mitengo imasiyana, koma kolala imodzi ya ng'ombe kwa makampani ogulitsa imaposa madola 200. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, imeneyo ndi K350,000 pa ng'ombe imodzi, katundu asanakwere ndege. Wa ng'ombe 20 akonzeke ndi K7 miliyoni, ndipo aliyense amene wayesapo kusaka madola m'dziko muno akudziwa kuti mtengo wa kubankiwo ndi wongowerenga pa chikwangwani. Kugulako si kutha kwa nkhani: pamakhala malipiro a pamwezi kapena pachaka pa kolala iliyonse. Halter sigulitsa n'komwe mwa njira imeneyi, mlimi amalipira mwezi ndi mwezi malinga ndi chiwerengero cha ng'ombe. Ena amafunanso kuti muimike nsanja ya wailesi pa famu, pomwe Nofence imadalira netiweki ya foni zam'manja.

Kodi kuno kwathu zingagwire? Vuto lomwe makolalawa amathetsa tili nalo ndithu. Ku Chikwawa, Nsanje ndi Mzimba milandu ya ng'ombe zodya m'dimba la eni siitha pa bwalo la mfumu, ndipo chindapusa chimawawa. Komabe masamu ake ndi ena. Mnyamata woweta ng'ombe kumudzi salandira ndalama yofanana ndi ya waganyu wa ku Norway, choncho zomwe mungapulumutse ndi zochepa. Mlimi wa mkaka ku Thyolo yemwe amadyetsera ng'ombe ziwiri m'khola, nsenjere n'kumachita kumweta, alibe nayo ntchito kolala.

Chachikulu n'chakuti mpanda umenewu umamvedwa ndi ng'ombe yovala kolala yokha. Ng'ombe za mnzanu zimalowa mwakufuna kwawo, fisi amalowa, wakuba amalowa. Pa busa la mudzi, pomwe makola khumi amadyera pamodzi, mukhoza kusunga chigawo chanu kuti udzu uphuke, mawa n'kupeza ziweto za ena zaumaliza. Wakuba naye akhoza kungodula lamba n'kutaya kolala m'tchire, ngakhale foni ingakuonetseni pomwe ng'ombe idali komaliza.

Omwe angayambe kufunsa mitengo ndi eni mafamu akuluakulu okhala ndi malo awoawo komanso ng'ombe zamtengo wapatali. Iwowa asanasainire afunse zinthu zitatu: kolala ikawonongeka akonza ndani, netiweki ikazima mpanda umakhalabe kapena ayi, ndipo malipiro a chaka chamawa adzakhala m'makwacha kapena m'madola.