Kupulumutsa zolemba hard disk ikaonongeka

Ena mwa amalonda ndi makalabu a alimi pa Nkando, m'boma la Mulanje, amasunga kaundula wa ngongole ndi wa katundu mu kompyuta. Zonsezi zimakhala pa hard disk, yomwe imaonongeka ikagwa, ikanyowa kapena magetsi akamathimathima.

Chofufutidwa mwangozi sichichokeratu nthawi yomweyo. Kompyuta imangochotsa dzina lake pa mndandanda, koma icho chimakhalapobe kufikira china chitalembedwa pamalo pake. N'chifukwa chake mwini kompyuta akulangizidwa kuizimitsa pomwepo, osasungamonso kanthu, ndi kukana ikapempha format. Katswiri weniweni amayamba wakopera zonse pa hard disk ina, n'kumafufuza pa yokoperayo.

Hard disk yolira mogogoda yaonongeka mkati. Kuiyatsanso kumakanda timbale tosunga uthenga, ndipo chokandika sichibwereranso. Yomira m'madzi osefukira, monga aja a namondwe Freddy mu Marichi 2023, isayatsidwe, isayanikidwe padzuwa, ndiponso isatsegulidwe pakhomo, pakuti kafumbi kochepa n'kokwanira kuimaliza.

Posankha wokonza, mwini akumbukire kuti m'menemo muli maina ndi manambala a foni a anthu ena, zomwe zimatetezedwa ndi lamulo la Data Protection Act la 2024.