Seŵero Likatha, Tengani Pensulo

Nonse mwamaliza sukulu ya kwacha. Tsopano mukutha kulemba dzina lanu. Mukuŵerenga chikwangwani cha pa chipatala ndiponso kalata ya mwana wanu. Koma ambiri mumandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tsopano tizilemba chiyani?" Funso limeneli ndi lofunika. Khasu losalimira limachita dzimbiri. Dzanja nalonso likakhalitsa osalemba limaiŵala zilembo. Lero ndikuuzani njira imodzi yokoma yoti muzilemba sabata iliyonse.

Nkhani imayambira panjira

Mwina mudaloŵapo m'nyumba yoonetsera mafilimu pa Chitakale kapena pa Limbuli. Mudaonera seŵero la ku Nigeria lomasuliridwa m'Chicheŵa. Tiyerekeze kuti m'seŵeromo mzimu wa mayi ukubwera usiku kudzateteza ana ake amasiye. Seŵero latha, mwatuluka, koma mtima sunakhutire. Panjira mukuuza mnzanu kuti, "Ndikadakhala ine, mwana wamng'ono uja sakadafa." Mnzanuyo akuti, "Iyayi, akadabwera malume ake kudzamtenga."

Apotu mwayamba kale kupeka nkhani. Chatsala n'kuilemba basi.

Nkhani yotere pa Chingerezi amaitcha fan fiction. Ndi nkhani imene amalemba munthu wokonda seŵero kapena buku linalake. Amatenga anthu a m'seŵeromo n'kuŵapatsa zochita zatsopano. Amatha kusintha mathero. Amathanso kufotokoza zimene mwini seŵero sadaonetse.

Abale aŵiri a ku America

Ku America kudali seŵero la pa wailesi ya kanema lotchedwa Supernatural. Lidayamba mu 2005 ndipo lidatha mu 2020. Lidali ndi zigawo 327. Linkakamba za anyamata aŵiri apachibale, Dean ndi mng'ono wake Sam Winchester. Mai ao adaphedwa ndi chiŵanda Sam ali khanda. Bambo ao adaŵalera akuyendayenda, akusaka ziŵanda. Anyamatawo atakula adapitiriza ntchitoyo pa galimoto yakuda imene idali ya bambo ao.

Kodi n'chiyani chidakopa anthu zaka 15 zonsezo? Si ziŵanda zokha ai. Chachikulu chidali ubale. Mkulu ankadziona ngati kholo la mng'ono wake. Wamng'onoyo ankafuna kupita kusukulu ndi kukhala moyo wakewake. Ankakangana, kusiyana, kenaka n'kubwererana. Zimenezi ngakhale kwathu kuno timazidziŵa.

Oonera adayamba kulemba nkhani zao za abale aŵa. Pa intaneti adaikapo nkhani zoposa 200,000. Ena adalemba za ubwana wao. Ena adalemba mmene zikadakhalira mai ao akadapanda kufa. Eni seŵero adaziona zimenezi. Mu 2014 chigawo cha nambala 200 adachitcha Fan Fiction. M'chigawocho atsikana a pasukulu akuchita seŵero lao la nyimbo lonena za Sam ndi Dean.

Musaganize kuti pakufunika lamya yodula. Mu 1967, intaneti isanabwere, okonda seŵero lina lotchedwa Star Trek ankalemba nkhani zao pamapepala ndi kumagaŵana timabuku. Kope ndi pensulo n'zokwanira.

Kwathu kuno si zachilendo

Kumbukirani madzulo aja agogo ankati, "Padangokhala," inu n'kuyankha kuti, "Tili tonse." Nthano ya Kalulu ya agogo anu sinkafanana ndendende ndi ya agogo a mudzi wina. Aliyense ankaonjezapo zake. Ndiye kuti kupitiriza nkhani ya wina ndi luso lathu lakale.

Maseŵero tili nawo. Wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Ambiri mudamvera kapena kuonera Tikuferanji, m'mene Michael Usi, mwana wa kuno ku Mulanje, ankaseŵera ngati Manganya.

Nanga za mizimu? Tangoyang'anani phiri lathuli. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Makolo amati kumeneko kumakhala mizimu. Amati ukapeza chakudya chokonzakonza m'phirimo uzingodya, osaitana mnzako. Ku Likhubula kuli Dziŵe la Nkhalamba. Palinso Napolo, chinjoka chimene amati chikamasamuka m'phiri chimakokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Munthu wa ku Mulanje sangasoŵe cholemba.

Mungayambe bwanji?

Choyamba, sankhani seŵero kapena nthano imene mukuidziŵa bwino. Tengani anthu aŵiri kapena atatu okha. Akachuluka mudzasokonezeka.

Chachiŵiri, dzifunseni funso loyamba ndi mau akuti "Bwanji zikadakhala kuti". Mwachitsanzo: bwanji zikadakhala kuti ana amasiye a m'seŵero lija amakhala ku Likhubula?

Chachitatu, pezani vuto la pabanjapo. Mzimu paokha sukoka mtima. Chokoka mtima ndi mlongo amene akufuna kugulitsa munda, kapena mwana amene adapita ku Joni osatsazika. Mzimu ubwere chifukwa cha vuto limenelo.

Chachinayi, lembani ziganizo zazifupi. Anthuwo azilankhula monga timalankhulira pamudzi. Mwana asatchule mai ake dzina. Mkamwini apereke ulemu kwa apongozi.

Nachi chitsanzo chimene ndakupekerani:

*Nambeŵe adadzuka tambala woyamba asanalire. Pakhomo adapeza mtolo wa nkhuni womanga ndi luzi. Mfundo yake idali ngati ija ankamanga malemu mai ake. Adadzutsa mchimwene wake. "Achimwene, taonani. Kodi munda uja mukadafunabe kugulitsa?" Mchimwene wakeyo sadayankhe. Adangogwira luzi lija, manja akunjenjemera.*

Ndalekera pomwepa dala. Kodi adabweretsa nkhunizo ndani? Kodi mundawo udagulitsidwa? Mumalize ndinu.

Chachisanu, ŵerengerani anzanu mokweza. Pamene mwakakamira poŵerenga, pamenepo pali mau ofunika kukonza. Musachite manyazi ndi zilembo zolakwika. Kugwa m'mbuna ndi kuyenda komwe.

Chenjezo lalikulu

Pano mvetsetsani bwino, anzanga. M'nkhani yanu musalembemo dzina la munthu weniweni wa m'mudzi mwanu. Musamfotokozenso mwakuti aliyense amzindikire. Makamaka musanene kuti uje ndi mfiti, ngakhale mwanthabwala.

Mai wina m'kalasi langa adalemba nkhani yokoma ndithu ya nkhalamba youluka usiku. Koma nkhalambayo adaipatsa dzina la apongozi ake. Ataŵerenga, anzake adaseka. Ine sindidaseke. Ndidamfunsa kuti, "Mai, pepalali likatuluka m'kalasi muno, mwana wina n'kudwala maŵa, anthu akaloza nyumba ya yani?" Maiyo adakhala chete. Kenaka adafufuta dzinalo n'kupeka lina.

Mau olembedwa amayenda kutali kuposa mwini wake. Ena akaona chinthu papepala amayesa n'choona. Kuno ku Mulanje tikudziŵa zimene mphekesera imachita. Mu 2017 kudabuka mphekesera ya anamapopa. Anthu osalakwa adamenyedwa, ena adaphedwa, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena oyandikana nawo. Alendo ankaopa kuyenda, ndipo ntchito zina zothandiza anthu zidaima. M'madera ena a dziko lino agogo okalamba aphedwapo chifukwa chonamiziridwa ufiti. Dziŵaninso kuti lamulo la mu 1911 lonena za ufiti lidaletsa kuneneza munthu kuti ndi mfiti.

Tsono siyanitsani nthano ndi zoona. Za Napolo lembani mmene mungafunire. Koma dziŵani chimene chimachitika m'phiri. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi la pamtsetse limakhuta madzi, limalemera, kenaka limagumuka pamodzi ndi miyala. Zidatero ku Phalombe mu Malichi 1991, nthaŵi imene derali lidali mbali ya boma la Mulanje. Zidateronso mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Mabanja ambiri adataya abale ao. Wailesi ikachenjeza za mvula yamphamvu, samukirani kumalo otetezeka msanga. Nkhani mudzalemba pambuyo pake.

Ena mwa inu mudataya abale pa ngozi imeneyi. Ngati mtima ukufuna, mungathe kulemba nkhani m'mene wokondedwa wanu akubwera m'maloto kudzatsazika. Nkhani yotere ndi yanu. Simukakamizidwa kuiŵerengera munthu aliyense.

Kodi mungagulitse nkhani yanu?

Ngati mwagwiritsa ntchito anthu a m'seŵero la wina, monga Manganya kapena Sam ndi Dean, musagulitse. Anthu amenewo ali ndi eni ake amene adaŵapeka. Muno m'Malaŵi bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992, limateteza ntchito za olemba ndi oimba. Pamwamba pa nkhani yanu lembani dzina la seŵero limene mwatengako. Umenewo ndiwo ulemu. Mukazoloŵera mudzapeka anthu anuanu, ndipo nkhaniyo idzakhala yanu yonse.

Ntchito ya sabata ino

Tengani kope lanu. Malizani nkhani ya Nambeŵe m'ziganizo 10. Mukakumana ndi anzanu a m'kalasi, aliyense aŵerenge yake. Mudzadabwa kuona kuti mathero ake ndi osiyanasiyana. Mukatha, kambiranani mafunso aŵa:

1. Kodi n'chifukwa chiyani anthu amakonda nkhani za mizimu ndi banja?
2. Kodi n'choopsa chanji chingachitike mukalemba dzina la mnansi wanu m'nkhani ya ufiti?
3. Kodi ndi nthano iti ya agogo anu imene mukufuna kuti adzukulu anu adzaiŵerenge?